Khobwe wa pa Nyuwere

Ine ndine munthu wosatha kudya ndekha. Kwathu ku Balaka tinabadwa ambiri, mbale inali imodzi, manja ali mbwee. Ngakhale nditakwatiwa, chimanga chootcha chomwe ndinkachithyola pakati kuti wina alumeko. Ndiye mukamva kuti ndinakhala ku Doha miyezi yambirimbiri ndikudya choimirira, nkhope italoza kukhoma, mudziwe kuti chimene chinkandiwondetsa sinali ntchito ayi.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Onaiza, kwa banja lina la Aarabu. Sindingawanamizire, sankandimana chakudya. Mpunga unalipo, nyama ya nkhosa inalipo, zipatso zinkachita kuwolera m'firiji. Koma wantchito amadya onse akatha, ndipo m'khitchini ija munalibe mpando. Ndinkaika mbale pamwamba pa makina ochapira zovala, n'kumameza msangamsanga, khutu lili kwa madamu. Ana anga awiri ndinawasiya kwa mchemwali wanga, bambo awo atamwalira. Ndikamatafuna ndinkaganiza za iwo, chakudya n'kumakakamira pakhosi.

Kuseri kwa khitchini kunali kanjira kopanikizika, komwe kunkakhala mabini a zinyalala ndi makina oziziritsa nyumba, ongolira usana wonse. Tsidya lina la kanjirako kunali chitseko cha khitchini ya nyumba yoyandikana nafe. Tsiku lina masana ndikukataya zinyalala ndinamva fungo la chinthu chopserera. Chitseko chija chinali chotsegula. Nditasuzumira ndinaona mayi wachikulire, wakuda ngati ine, wa imvi, atavala epuloni, akutakasa mumphika wachitsulo. Mumphikamo munali ufa wa tirigu m'mafuta, utada kale ngati khofi, koma iwo anali phee, akuimba chamumtima.

Ku Doha munthu wakuda wa epuloni m'khitchini ndi wantchito basi, ndinali ndisanaonepo zina. Ndinati mayi awa akalamba, mphuno zafa, madamu awo akatulukira awapakiritsa zikwama lero lomwe. Ndinalowa osaodira, ndinazimitsa moto, n'kunyamula mphikawo ndi kansalu kuti ndikaukhuthulire m'bini mwathu, umboni usowe.

Kukuwa kwake! Anandilanda mphika, anayatsanso moto, n'kundiloza pakona ndi mthiko kuti ndiime pamenepo. Chingerezi chawo chinali chokoka, mawu akumezedwa kumapeto, ndipo changa chinali cha sitandade eyiti. Komabe ndinatolapo zitatu: kuti ufawo akhala akuutakasa kuyambira kalekale, kuti sunapserere koma ndi mmene umafunikira, ndiponso kuti nyumbayo ndi ya mwana wawo. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowepo. Ndinapepesa ndikuwomba m'manja ngati ndili kwa apongozi, n'kufotokoza ndi manja omwe kuti ndimafuna kuwapulumutsa kwa madamu awo.

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka kugwira m'nthiti, dzanja lina likutakasabe. "Mwanawe," anatero, "chibwerereni kuno palibe amene anayesapo kundipulumutsa."

Anali ochokera ku Louisiana, ku America. Mwana wawo ankagwira ntchito ku kampani ya gasi, mpongozi wawo nayenso ankachoka m'mawa, adzukulu ali kusukulu. Amuna awo atamwalira, mwanayo anawatenga kuti asamakhale okha. "Ndiye ndabwera kudzakhala ndekha m'nyumba yokulirapo," anandiuza choncho, osadandaula, akuwaza anyezi.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamva kugogoda pachitseko cha khitchini yathu. Anali iwo, atanyamula mbale yadothi yabuluu, yobenthuka pang'ono m'mbali. Anati chakudya chili m'menemo dzina lake ndi gambo, ndipo ufa uja ndimafuna kutaya ndiwo mwini nkhani. Nditavundukula ndinadabwa. Munali msuzi wakuda bii, pakati pali kamulu ka mpunga. Mumsuzimo munali nkhuku, munali soseji, munalinso tinkhanu ta m'nyanja topindika ngati chala. Ndinati anthu awa alibe chisoni, ndiwo za sabata yathunthu kuziunjika mumphika umodzi. Kenaka supuni inatola kanthu kobiriwira, ka njere zoyera, ndipo ndinakazindikira ngati mbale wanga pamsika. Linali therere.

Ndinalira, ndisabise. Ndinali ndisanalire pabwalo la ndege, ndinali ndisanalire tsiku limene ndinathyola kapu ya madamu, koma therere linandiliza. Ndinadya zonse mpaka kupukuta ndi chala, kupatula tinkhanu tija, timene ndinatiika pambali chifukwa tinkandikumbutsa mphutsi za m'manyowa.

Vuto linabwera mbale itatha. Kwathu mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Amayi anga ankati ngakhale mtedza wodzaza dzanja, ngakhale mchere, bola muikemo kanthu. Kubweza mbale yopanda kanthu n'chimodzimodzi kuuza mwini wake kuti asadzabwerenso. Nanga ine ndikanaikamo chiyani? Chilichonse m'nyumba ija chinali cha madamu, ndi anyezi yemwe. Kupatsa munthu chakudya cha abwana si kupatsa, ndi kuba. Ndinaitsuka mbale ija, ndinaibisa m'chipinda changa pansi pa bedi, n'kumadikira Lachisanu la ofu. Masiku onsewo ndinkataya zinyalala mozemba, kuopa kukumana nawo.

Ofu yanga ndinkakathera ku Al Mansoura, m'chipinda china chomwe munkagona Amalawi anzanga ogwira ntchito m'mahotela. Wamkulu wa chipindacho anali achemwali ena a ku Mulanje, a pakamwa pakuthwa koma a mtima wabwino, okonda kuthira Chiarabu ndi Chingerezi polankhula. Musaganize kuti kumeneko kunali kudyera pamodzi. Wina akubwera ku ntchito, wina akupita, wina wagona atafunda kumutu. Aliyense ankadyera pabedi pake, maso ali pa foni. Koma kunali kasitovu, ndipo pansi pa nyumbayo panali okala ya Amwenye yogulitsa therere.

"Yalla, lowa, ukulowetsa kutentha," anatero achemwali a ku Mulanje atandiona ndi jumbo. "Ndiye off yonseyi wabwera kudzaphika therere? La ndani?"

"La amayi ena a ku America, oyandikana nafe."

"Therere! Munthu wa ku America! Khalas, basi, iwe dzuwa la kuno lakuphika mutu. Anzako akapeza mlendo amapha nkhuku."

"Ayamba ndi iwo, achemwali."

Ndinaliwaza bwinobwino, ndinathira soda ndi tomato, n'kulipakasa mpaka linalenda moti ukanyamula chipande limatsatira. Ndinalinyamula m'basi ndili chigwirire mbale ndi manja awiri, pamene basi inkakhotakhota kuzungulira mipanda ya malata ya ku Msheireb, komwe nthawi imeneyo ankagumula ndi kumanga.

Amayi aja anavundukula mbale. Anaviika supuni, anaikweza, therere likutsatira, anaikwezanso, likutsatirabe. Nkhope yawo inali ya munthu amene waponda chinthu mumdima. Anandiuza kuti kwawo mayi amatha moyo wake wonse akuphunzira kuchotsa kulenda kwa therere, amalikazinga mpaka kulendako kuthe. "Ndiye iwe ukuchita kuthiramo mankhwala kuti kuchuluke?" Ndinati eya, therere losalenda ndi masamba wamba. Anapukusa mutu, anatseka maso, n'kumeza. Anamezanso. Anati Mulungu awakhululukire, koma likukoma.

Anandifunsa chifukwa chimene ndinasungira mbale masiku onse aja. Iwo ankaganiza kuti gambo sinandikomere, kapena madamu andiletsa. Ndinawafotokozera za mwambo wathu, ndipo ndinayesa kuwamasulira kuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Chingerezi chinandithera panjira, koma anamva. Ndinawauzanso kuti amene ali ndi mbale ya mnzake saiwala khomo. Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono, n'kunena kuti ndiye ndadziputira nkhondo, chifukwa iwo sagonja.

Kuyambira pamenepo mbale yabuluu sinapume. Lolemba inkabwera ndi nyemba zofiira ndi mpunga, chifukwa kwawo Lolemba linali tsiku lochapa, ndipo nyemba zimadziphika zokha munthu ali pa zovala. Inabwerapo ndi jambalaya, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama ndi tsabola, umene ndinaukonda kuposa zonse. Inabwerapo ndi nsomba yokazinga atayipaka mgaiwa, iwo akudandaula kuti si mlamba weniweni wa kwawo. Ndinadabwa kumva kuti ku America kuli anthu olira mlamba. Soseji ankaidandaulanso, ankati ya ng'ombe ilibe ulemu, koma nkhumba ku Doha siipezeka chisawawa. Tinkhanu tija ndinadzayamba kudya mwezi wachitatu, nditatsinzina, ndipo lero ndikhoza kumenyana ndi munthu chifukwa cha ito.

Zakumwa zawo zokha n'zimene tinkakangana. Khofi wawo ankamusakaniza ndi mizu ina yowawa yokazinga, n'kuthira mkaka wotentha wambiri. Ameneyo ndinamulola. Koma tsiku lina kukutentha anandipatsa tiyi wa shuga wambiri atathiramo ayezi. Ndinawauza kuti kwathu ukapatsa munthu tiyi wozizira, mawa nkhani ili pachitsime. Anati ndimwe kaye, pachitsime tikafika mawa.

Anati iwo ndi Akiriyo, anthu a m'tauni, ndipo mumphika amathira tomato. Kumadambo kuli Akejani, amene sathira tomato ndipo amadya chilichonse chokwawa, ngakhale ng'ona. Ankawanena monga mmene ife timanenerana ndi anthu a kuchigwa, mowanyoza koma mowakonda, ndipo amuna awo omwe anali a kumadamboko. Nditawauza kuti ife timadya mbewa ndi ngumbi anagwira pachifuwa. Munthu wodya tizilombo ta m'nyanja kudabwa ngumbi!

Kuchokera kwa ine mbale inkapita ndi zimene ndikanatha. Mandasi, futali wa mbatata, masamba otendera ndi nsinjiro za mtedza wogula kwa Amwenye. Wina atabwera kuchokera kumudzi ndi usipa ndi kambuzi, ndinawagawirako. Usipa anaulemekeza chapatali, koma kambuzi anamulandira ndi manja awiri.

Chimodzi chokha sichinkatheka. Sitinkadyera pamodzi. Ine sindikanachoka m'khitchini nthawi yaitali, madamu akaitana ndimayenera kuyankha asanamalize dzina. Tinkapatsirana mbale pachitseko, mawu awiri atatu, basi. Iwo ankakadyera patebulo lawo lalikulu okha, ine pamakina ochapira ndekha, pakati pathu pali makoma awiri ndi mabini. Zoona, za m'mbale yabuluu zinkatsika bwino pakhosi. Koma ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha loti ndikhale pansi, ndiyang'anane ndi munthu, wina anene kuti onjezera.

Mu Disembala, kutayamba kuzizira, anandiimitsa pamabini paja. Chaka chimenecho Nyuwere inagwa Lachisanu, tsiku langa la ofu. "Ubwere kwathu masana," anatero. "Ulowere khomo la kumaso, osati kuno kwa zinyalala. Tidzakhala patebulo, ine ndi iwe. Ndidzakuphikira chakudya chachikulu kuposa zonse za kwathu."

Usiku wake tulo sitinabwere msanga. Kwathu Nyuwere ndi mpunga ndi nkhuku, ngakhale wosauka amayesetsa. Nanga anthu amene tsiku wamba amaunjika nkhuku, soseji ndi nkhanu mumphika umodzi, pa Nyuwere amadya chiyani? Ndinkaona nkhukundembo yathunthu, ndinkaona nkhanu zazikulu zija ndinkangoziona m'masitolo.

Ku Al Mansoura anali atakonza zawo. Onse anapempha kuti asagwire ntchito tsikulo, anasonkherana nkhuku ndi zakumwa, ndipo kanali koyamba kuti chipinda chonse chidyere pamodzi. Nditawauza kuti sindibwera, achemwali a ku Mulanje anaika manja m'chiuno.

"Ife tavutika kusintha ma-shift, ena ku-beg kwa supervisor, iwe ukuti chiyani?"

"Andiitana amayi aja, achemwali. Ali okha."

"Nanga ife tili ndi ndani? Mafi mushkila, palibe vuto, pita ukadye za ku America. Koma utibweretsere mafupa tidzanunkhize."

Anaseka onse, koma ndinaona kuti zawakhudza. Ndinabwerera ku Onaiza mtima uli pawiri.

Tsikulo m'mawa sindinadye kanthu, kusungira malo. Ndinatulutsa chitenje chimene chinali pansi pa sutikesi chibwerereni, ndinachisita, ndinamanga duku. Ndinazungulira mpanda wonse kukagogoda khomo la kumaso, ngati ndikupita kukafunsira ntchito. Anatsegula okha, atavala diresi yofiirira ndi ndolo. M'nyumba munali zii. Mwana wawo ndi banja lake anali atapita kukadya ku hotela. Patebulo panali nsalu yoyera, mbale ziwiri, matambula awiri, ndi miphika itatu yovundikira. Anandikokera mpando. Chibwerereni ku Doha palibe amene anandikokerapo mpando.

Anapemphera, kenaka anavundukula mphika woyamba monyadira. Munali khobwe. Ndinati mwina n'zoyambira. Anavundukula wachiwiri, munali kabichi. Wachitatu munali chikondamoyo cha mgaiwa, chodulidwa m'magawo. Panali kambale ka mpunga woyera pambali. Ndinayang'ana kukhitchini kuti mwina kukubwera zina. Iwo anakhala pansi n'kutambasula kansalu pamiyendo.

Khobwe ndi kabichi. Amuna anga atadwala matenda awo omaliza ndinakhala nawo kuchipatala miyezi ingapo, ndikugona pansi pa bedi lawo. Chakudya chinkabwera pa ngolo m'zidebe, ndipo masiku ambiri chinali chimenechi, khobwe ndi kabichi. Iwo atasiya kudya, ndinkadya ine gawo lawo pakhonde, ndikubisa nkhope. Chichokereni kumeneko ndinali ndisanaikenso khobwe m'kamwa. Kwathu ndi chakudya cha kuchipatala, cha kusukulu yogonera konko, cha kundende. Palibe amene amaitana mlendo pa Nyuwere n'kumuikira zimenezo, pokhapokha ngati akufuna kumuonetsa malo ake.

Mtima unandiwawa, kenaka unandipsa. Ndinati kodi n'zimenezi? Nkhanu n'za alendo a mwana wawo, wantchito wa khomo linalo amukwanira khobwe. Ndasiya anzanga ndi nkhuku yawo, ndasita chitenje, kudzera khobwe. Ine pakamwa panga sipasunga, amayi anga ankati ndinabadwa ndi chitseko chosatseka. Ndinaika supuni pansi.

"Amayi, ndakulakwirani chiyani?"

Anadabwa. "Chavuta n'chiyani, mwanawe?"

"Tsiku wamba mumandipatsa nkhuku ndi nkhanu pakhomo la zinyalala. Lero mwandilowetsa khomo la kumaso, tsiku lalikulu, mukundipatsa chakudya cha akaidi. Ngati mumafuna kundikumbutsa kuti ndine wantchito, ndikudziwa kale."

Mawu anatuluka onse, Chingerezi changa sichinaphonye ngakhale limodzi tsiku limenelo. Iwo anayang'ana miphika yawo. Ndinaganiza kuti andithamangitsa, ndipo ndinali nditayamba kale kukankha mpando.

"Khala pansi," anatero motsitsa. "Khobweyu ndinamuviika dzulo. Mwendo wa nkhukundembo wowamba umene uli mkatimu ndaufunafuna m'masitolo a mzinda wonse uno."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, kuti ndimve lililonse. Kwawo, pa tsiku loyamba la chaka, wolemera ndi wosauka yemwe amadya khobwe kuti chaka chimuyendere bwino. Kabichi ndi wakuti m'thumba musaume, chikondamoyo n'chakuti m'nyumba musasowe kanthu. Ukayamba chaka ndi chakudya chonyozeka, ankatero amayi awo, chaka sichikuchitira nsanje. Amuna awo ankayenda ndi mphika khomo ndi khomo, kuonetsetsa kuti aliyense wa mumsewu mwawo walawako ngakhale supuni imodzi. Mwana wawo tsopano amati n'zachikale, mpongozi amati khobwe amatupitsa m'mimba.

"Chaka chatha ndinaphika, ndinadya ndekha patebulo lino, otsala ndinataya m'mabini ako aja," anatero. "Nkhanu ndimaphikira aliyense, ngakhale mabwana a mwana wanga amene sindiwadziwa ndi maina omwe. Khobwe ndimaphikira anthu a m'nyumba."

Ndinawauza za kuchipatala, za ngolo ndi zidebe, za gawo la amuna anga. Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense ku Doha. Anamvetsera atagwira pakamwa. Nditamaliza anadzuka, anati m'firiji muli nkhuku, aikazinga pompano, khobwe achoke patebulo. Ndinawagwira mkono. Ndinati ayi, ndiikireni.

Supuni yoyamba inavuta. Yachiwiri ndinamva utsi wa nyama ija, adyo, ndi tsabola wobisala kumapeto. Sanali khobwe wa m'chidebe. Kabichi anali wokazinga ndi anyezi, wosafewetsa. Ndinatulutsa kambuzi amene ndinabwera naye m'kachikwama ngati mphatso, tinamuswera m'mbale tonse awiri, mpaka tinayamba kufwenthera ndi kuseka. Chikondamoyo chawo ndinawauza chilungamo kuti chikuchepa shuga. Anati ndine mlendo wamwano kuposa onse amene anawaphikirapo, kenaka anati, "Onjezera." Ndinaonjezera kawiri.

Tinakhala patebulo lija mpaka mzikiti unaitana swala ya madzulo. Tinamwa khofi wa mizu uja. Anandionetsa chithunzi cha amuna awo atanyamula nsomba, ine ndinawaonetsa ana anga pa foni. Palibe amene anandiitana, palibe amene ndinamutumikira. Mbale anakana kuti nditsuke. Potuluka anandipatsira khobwe wotsala m'mbale yabuluu kuti ndikapatse anzanga a ku Al Mansoura, aliyense supuni imodzi. Nditafika nayo kumeneko achemwali a ku Mulanje anavundukula, anandiyang'ana, n'kugwa pabedi ndi phwete. "Wallah, America yake ndi imeneyi?" Koma supuni yawo anadya, ati mwayi sakana.

Mwayi wa khobwe uja sindikudziwa kuti unapita kwa yani. Kutentha kusanabwerere, makampani a gasi anayamba kuchepetsa anthu, ndipo ntchito ya mwana wawo inatha. Ndinaona galimoto yaikulu itaima kumaso, anthu akutulutsa makatoni. Amayi aja anandiuza pamabini kuti akubwerera kwawo. Ankayesa kuoneka achisoni chifukwa cha mwana wawo, koma maso awo anali kale ku Louisiana. Sindinawaimbe mlandu. Inenso akanati mawa ukupita ku Balaka, sindikanalirira munthu.

Ndinaonetsetsa kuti mbale yabuluu ili kwa iwo. Ndinawapititsira mandasi kutatsala masiku ochepa, kuti katundu wawo apite yense, pasatsale mangawa. Koma m'mawa wa tsiku la ulendo ndinamva kugogoda. Anali atavala kale za paulendo, m'manja muli mbale ija, yodzaza gambo, yotentha.

"Amayi, nanga ndibweza bwanji? Mukunyamuka lero."

"Ndikudziwa," anatero. "Unandiphunzitsa wekha. Amene ali ndi mbale ya mnzake saiwala khomo."

Anandikumbatira ndili chinyamulire mbale, moti sindinathe kuwakumbatiranso. Madamu anaitana m'nyumba, ine n'kuyankha. Pamene ndinkatulukanso, chitseko chawo chinali chotseka.

Tinayesapo kuimbirana foni kangapo. Koma Chingerezi chathu chinkayenda ndi manja, ndi mthiko, ndi kuloza mumphika. Pa foni chinafa. Tinkangofunsana kuti muli bwanji, ndili bwino, kenaka chete, aliyense akumva kupuma kwa mnzake. Patapita nthawi nambala ija inasiya kulowa, ndipo sindinadziwe woti ndimufunse.

M'nyumba muja munalowa banja lina. Chitseko cha khitchini yawo sichinkatsegulidwa kawirikawiri, chakudya chawo chinkabwera pa njinga yamoto m'makatoni. Mayi wa m'nyumbamo ndinkamuona mwa apo ndi apo, wachitsikana, wooneka wotopa, nayenso mlendo m'dziko la eni. Ndinkati mwina ameneyunso amadya yekha.

Nyuwere yotsatira inagwa Lamulungu, limene ku Doha ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Ndinali nditagula khobwe ndi kabichi wanga ku Al Mansoura, ndipo madamu anandilola kuphika pasitovu yawo. Ndinamuviika dzulo lake monga ndinaphunzirira. Nkhukundembo yowamba sindinaipeze, ndinathira adyo wambiri ndi kambuzi. Atapsa ndinadzaza mbale yabuluu, ndinawoloka kanjira kaja, n'kugogoda. Mayi uja anatsegula. Ndinamuuza kuti ndi za chaka chatsopano, za mwayi. Anamwetulira, anathokoza kawiri mwaulemu, analandira, n'kutseka.

Tsiku lonse ndinagwira ntchito khutu lina lili kwa madamu, lina lili kuchitseko. Sindinkayembekezera zambiri. Ngakhale bisiketi imodzi, ngakhale patapita mwezi, ndikanadikira. Chakumadzulo ndikukataya zinyalala ndinaipeza mbale ija pasitepe pathu. Sanagogode n'komwe. Inali yotsuka bwino, yopukuta, mkati mulibe kanthu.

Ndinaitola. Ndinathiramo khobwe amene anatsala mumphika, ndinatembenuza ndowa yokolopera, n'kukhalapo. Ndinadya ndekha mpaka kutha, chitseko ndinachisiya chotsegula.